Madalaivala Awiri a Yande

Yande Lukonde wa ku Libala anali ndi nthenda imene anthu ambiri ankaiyesa ulemu: sankafuna kukhumudwitsa munthu. Mwamuna wake Dingani, katswiri wa makompyuta pa banki ina m'tauni, ndi mlongo wa Yande wamng'ono, Jordan, mphunzitsi wa makompyuta pa koleji ina ku Chelstone, sankamwerana madzi pa nkhani ya makina. Wina akaloza kum'mawa, mnzake ankaloza kumadzulo. Yande ankangoti, "Nonse mwakamba zoona," n'kuwathirira tiyi.

Iyeyu anali wojambula mapulani a nyumba, ndipo anali atangosiya ntchito yolembedwa kuti aime payekha. Ntchito yoyamba imene ankaisaka inali ya sukulu ya mkaka ku Kabulonga. Mwini sukuluyo, Mayi Chibesa, anati adzabwera Loweruka masana kudzaona nyumbayo pa sikirini, kuizungulira mbali zonse ngati yomangidwa kale, asanasankhe pakati pa Yande ndi kampani ina yaikulu.

Mkati mwa sabatayo Yande anatopa ndi kuchedwa kwa kompyuta yake, n'kuikamo Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta yonse. Makina anayamba kuthamanga ngati mwana wa mbuzi, koma sikirini inasokonekera. Zilembo zinatupa, mazenera ozungulira a sukulu ija anasanduka mazira, ndipo akati atembenuze nyumbayo, chithunzi chinkadukaduka. Vuto linali dalaivala, kapulogalamu kamene kamamasulira pakati pa kompyuta ndi khadi lotulutsa zithunzi.

Loweruka m'mawa amuna awiri aja anaimirira kumbuyo kwa mpando wake.

"Bana Kimberly, osavutika," anatero Dingani, kuitana mkazi wake ndi dzina la mwana wawo. "Tengani dalaivala yamanje ku webusaiti ya bamene banapanga khadi. Nkhani yasila."

"Awe, ba sisi," anatsutsa Jordan. "Iyo izakuonongelani vintu. Tengani ili mu sitolo ya Linux, inayesedwa kudala."

"Mulamu, imwe mupunzisa chabe. Ise tisebenza."

"Nanga bamene basebenza banapunzisiwa na ndani?"

Dingani atapita ku City Market ndipo Jordan atatsikira ku Kabwata kukameta, Yande anaika dalaivala ya mlongo wake. Asanayatsenso makina, chikumbumtima chinamuluma: nanga mwamuna wake akamva kuti mawu ake anaponderezedwa? Anatenganso ya Dingani n'kuisanjika pamwamba. Kompyuta inamuchenjeza kuti muli kale dalaivala ina, koma iye anadina zoti ipitirize. Atazimitsa n'kuyatsanso, sikirini inangoti bii, kamzere koyera kokha kakuphethira pakona. Mutu unamuima.

Amuna aja atabwerera anamupeza atagwira tsaya.

"Munaika iti?" anafunsa Dingani.

"Zonse zibili," anayankha motsitsa mawu.

Mkangano unabuka ngati moto wa m'chilimwe. Dingani ankafuna kufufuta zonse n'kuika Linux mwatsopano, osaganiza kuti zimene mkazi wake anakonza pa pulaniyo sabata yonse zinali momwemo, zosakopedwa kwina. Jordan anali atatenga kale sikuludalaivala kuti azule khadi. Ali mkati molandana kiyibodi, foni inalira. Anali Mayi Chibesa, kunena kuti akangomaliza msonkhano wa amayi ku Woodlands anyamuka.

Apa m'pamene Yande anaimirira.

"Chokani pa mupando wanga, nonse babili. Ngati mufuna kukangana, mutengo wa mango uli panja."

Awiriwo anayang'anana, chifukwa liwu limenelo anali asanalimvepo. Anatuluka mwakachetechete ngati ana obwezedwa kusukulu.

Yande anapuma mozama, natsegula foni yake n'kuwerenga modekha malangizo a pa intaneti. Anadina mabatani atatu pamodzi, Ctrl, Alt ndi F3, ndipo mumdima muja munatuluka mzere wopempha dzina lake. Kompyuta inali yamoyo, chinafa ndi maso okha. Analemba lamulo loti imuuze mtundu wa khadi lake, n'kupeza kuti ndi lakale ndithu, loti dalaivala yatsopano ya Dingani sinkalidziwa n'komwe. Anachotsa madalaivala onse awiri mpaka mizu, n'kuikamo imodzi yokha, ya m'sitolo ija, yoyenerana ndi khadilo. Kenaka anayatsanso.

Kuwala kunabwera ngwee! Zilembo zinabwerera m'malo mwake, mazenera anazunguliranso, ndipo nyumba ija inkatembenuka mosalala ngati mbale pamadzi. Yande anaimba nthungululu imene inamveka mpaka kumsewu, amuna aja n'kuthamangira m'nyumba.

Anamuyang'ana mwamuna wake m'maso. "Bashi Kimberly, yanu siimvelana na khadi yanga. Nasankha ya Jordan."

Dingani anayang'ana sikirini, kenaka n'kuseka. "Sembe munakamba chabe kuseni, mayo. Nenze kuti nimeza kompyuta?" Jordan anatsegula pakamwa kuti adzitame, koma mlongo wake anamuponyera diso limodzi, mawuwo n'kubwerera kukhosi.

Mayi Chibesa atafika, Yande anawalowetsa pa geti la sukulu yawo pa sikirini, nawayendetsa m'makalasi, m'khonde, mpaka pabwalo la mchenga. Mayiwo anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Apa ndiye pamene bana banga bazasobelela," anatero. "Mwana wanga, nchito ni yako."

Kuyambira tsiku limenelo, amuna aja akayamba kukokana, Yande amamvetsera onse, kenaka amasankha chimodzi n'kuchinena poyera. Anaona yekha pa sikirini yakuda ija kuti wothamangira uku ndi uku pothawa mvula amafika ali chinyowere, pakuti akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.