Kalata ya Makutu

Lachitatu lililonse khonde la chipatala china chaching'ono kufupi ndi Chiromo limadzaza ndi okalamba odzayezetsa kuthamanga kwa magazi ndi kulandira mankhwala. Mzere umenewu unapatsidwa kwa Anita, namwino wongochoka kumene kusukulu. Anali wachangu, ndipo changucho chinkamukweza mapewa. Mayi Witness, amene akolopa pachipatalapo zaka zambiri, anayesa kumunong'oneza kuti akuluakulu akuno ali ndi maitanidwe awo, koma Anita anawadula pakamwa. Anati mayina analembedwa kale m'timabuku ta odwala, kufunsanso n'kutaya nthawi.

Tsiku loyamba anatola kabuku n'kukuwa kuti, "Geresomo!" Kunali zii. Anakuwanso kawiri. Pa benchi panali bambo wa imvi, chipewa pabondo, maso ali pa mtengo wa nimu. Mkamwini wawo, amene anawakweza pa njinga, anangozyolika. Anita anaika kabukuko pansi pa ena n'kuitana wotsatira. Dzuwa litapendeka, bambowo anatenga kabuku kawo n'kubwerera kumudzi chimanjamanja.

Sabata yotsatira zinali chimodzimodzi. Mankhwala akale anawathera, mutu unayamba kuwagunda, ndipo kumunda anasiya kupita. Lachitatu lachitatulo Mayi Witness analephera kupirira, anamulozera Anita kuti munthu amene akumufunayo ndi ameneyo. M'malo mofunsa chifukwa, Anita anagamula yekha mlandu kuti mkuluyo ngogontha. Anawakokera m'chipinda n'kumawakuwira m'khutu ngati akuitana bwato tsidya la Shire: "Gogo, khala apa! Tambasula mkono!"

Atayeza, anabwerezanso kachiwiri. Magazi anali atakwera moopsa, ndipo anadziwa kuti masabata awiri aja ndiwo achititsa. Mwachangu chake chomwecho anatulutsa pepala, nayamba kulemba kalata yoti bambowo akaonedwe makutu ku Blantyre.

Ali mkati molemba, bambowo anatsokomola pang'ono.

"Mayi, mpopi wanu kuseriku ukudontha. Chifikireni ndikungoumva, uzani wina akaumange."

Anita anaimitsa cholembera. Anatchera khutu, ndipo patapita kanthawi anamva kudonthako, kutali ndithu. Manyazi anamugwira mpaka kumapazi.

"Ndiye kuti mumamva?"

"Ndimamva bwinobwino," anatero bambowo akumwetulira. "Koma Geresomo adali kamnyamata koweta mbuzi. Omaliza kundiitana choncho adali mayi anga, ndipo adamwalira sitima ikudutsabe pa mlatho wa Chiromo. Lero ndiimirire pa dzina limenelo mkamwini wanga akuona? Mawa adzandiitana chiyani?"

Anita anafuna kunena kuti ulemu suposa moyo, koma anakumbukira kuti amene anaika moyowo pachiswe ndi iye mwini. Anasuntha mpando wake, nafunsa motsitsa mawu kuti aziwaitana bwanji.

"Funso limenelo ndalidikira masabata awiri athunthu. Ndine Malunga."

Kalata ya makutu inathera m'bini. Anita anawapatsa mankhwala, nawafotokozera kamwedwe kake modekha, ndipo anapepesa pamaso pa mkamwini yemweyo. A Malunga anawomba m'manja n'kuthokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, mwananga."

Lachitatu lotsatira Anita anatuluka pakhonde, nati mwakachetechete, "A Malunga." Asanatseke pakamwa, mkuluyo anali ataimirira kale, chipewa m'manja, ndipo khonde lonse linaphulika ndi kuseka. Magazi awo anali atatsika. Kuyambira pamenepo, wokalamba aliyense watsopano Anita amayamba wamufunsa dzina limene afuna kuitanidwa nalo, n'kulilemba pachikuto cha kabuku kake.

Mpopi uja anaumanga. Koma mpaka lero Mayi Witness akamadutsa ndi chokolopera chawo, amamufunsa Anita ngati kuli ogontha ena oti apite ku Blantyre. Iye amangoseka, poti anadzionera yekha kuti safunsa anadya phula.