Kalumo ka Mkamwini ndi Kambale ka Mdzukulu

Kalekale, m'mudzi wina wa m'chigwa, munali mmisiri wosema dzina lake Chikadza. Mbale zake zinkatuluka zobulungira bwino chifukwa sankadalira sompho yokha. Ankapanikiza chipika pakati pa misomali iwiri, mkazi wake Nangondo n'kumakoka chingwe chachikopa uku ndi uku kuti chipikacho chizizungulira, iye akuchipala ndi tchizulo. Mitengo ya m'chigwamo ankaidziwa ngati ana ake, mlombwa ndi utomoni wake wonga magazi, phingo ndi mtima wake wakuda bii. Vuto linali limodzi: anthu anamutama kwambiri mpaka iye analeka kufunsa nzeru kwa ena.

Chaka china mtsinje unasefukira n'kusiya chipika chachikulu m'dimba mwake. Chinachokera kutali kumapiri, ndipo miyala ya m'njira inali itachisenda makungwa. Chikadza atachitema, anaona mkati mofiira mochititsa kaso.

"Mbawa ya kumapiri iyi," anauza mkazi wake. "Mulungu wanditumizira pa nthawi yake."

Ankanena za mdzukulu wake woyamba, wobadwa kwa mwana wake wamkazi Mwatitha, yemwe anali pafupi kuyamba kudya phala. Chikadza anafuna kuti phala loyambalo alidyere m'kambale kosema agogo ake.

Kunena zoona, mtengowo unamuchenjeza. Unali wolemera kuposa mbawa iliyonse imene anagwirapo, ndipo unabunthitsa tchizulo msanga. Fumbi lake linkamuyetsemulitsa mpaka maso kufiira psuu. Nangondo naye ankatsokomola pokoka chingwe. Koma kambale kanali kukongola, ndipo Chikadza anati ndi chimfine chabe.

Bambo wa mwanayo, Kamtedza, anali mkamwini wochokera kumapiri komweko. Ntchito yake pamudzipo inali khasu ndi kukhala chete. Tsiku lopatsa mwana phala litafika, iye anadutsa pamene panali zopalapala za mtengo uja, anatola pang'ono n'kununkhiza. Kenaka anapita kwa apongozi ake, anagwada chapatali n'kuwomba m'manja.

"Bambo, mundikhululukire. Mwanayu asadyere m'kambaleko."

Chikadza anamukalipira.

"Iwe, ndinayamba kusema amayi ako asanathe msinkhu. Mkamwini asamakule mwendo! Wabwera kudzalima kapena kudzandiphunzitsa mitengo?"

"Ya kuno mukuidziwa ndinu, bambo," anayankha Kamtedza. "Koma uwu ndi wa kwathu. Ndikakhala kuti ndanama, nditenga nkhwangwa yanga lero lomwe ndizipita. Mungondilola ndiuone."

Mwatitha anali ataimika chipande cha phala m'mwamba, akuyang'ana bambo ake. Chikadza sanalole ndi pakamwa, koma sanaletse.

Kamtedza anapita pa chotsala cha chipikacho, anachigubuduza, napeza kakhungwa kamene kanabisala pamphanda, pomwe miyala sinafike. Anasolola kalumo kake kometera ndevu n'kukasenda mosamala. Mkati munaoneka kufiira kodera. Anapala khungwalo pamodzi ndi tizidutswa ta mtengowo m'phale, anathiramo madzi, n'kumwetsa nkhuku yaikazi imene inkatola madeya pafupi ndi mtondo.

Anthu anadikira. Nkhuku ija inayenda pang'ono, inadzandira, inagwetsa mapiko, kenaka inagona chammbali. Sinadzukenso.

"Mwavi," anatero Kamtedza motsitsa mawu.

Chikadza ankaudziwa mwavi ngati khungwa losinja limene linkamwetsedwa kwa anthu oganiziridwa ufiti, koma mtengo wake anali asanauonepo chibadwire. Anayang'ana kambale kaja, anayang'ana mdzukulu wake amene ankaseka ali kumbuyo kwa mayi ake, osadziwa kanthu. Mantha ndi manyazi zinamugwira nthawi imodzi, ndipo misozi inatsika osaibisa.

Anatenga khasu yekha, anakumba dzenje lakuya kuseri kwa nkhokwe, nakwirira kambaleko pamodzi ndi nkhuku ndi phale. Atabwerera, anachita chimene mpongozi sachita kawirikawiri. Anakhala pansi moyang'anizana ndi mkamwini wake n'kumuwombera m'manja.

"Ine ndili ndi sompho, tchizulo ndi zaka zambiri," anatero, "koma manja angawa akanapha mdzukulu wanga. Wamupulumutsa ndi mlendo ndi kalumo kake."

Tsiku limenelo mwana anadya phala m'kachikho kakale kong'aluka pakamwa, ndipo palibe anadandaula.

Mawu a Chikadza aja ndiwo anasanduka mwambi umene timati: "Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa." Tanthauzo lake n'lakuti munthu wobwera, ngakhale aoneke wopanda mawu pamudzi, amakhala ataona zimene eni mudzi sanazione, ndipo nthawi zina nzeru yothetsa vuto lanu imakhala m'thumba mwake. Choncho ana inu, mlendo akapempha kuyankhula, musayambe mwamufunsa kuti wakhala nanu nthawi yaitali bwanji. Yambani mwamumvera, phala lisanathiridwe m'mbale.