Njinga Yopanda Katundu ya Mayi Esinta

Inu ana, paja mumati ndikamupatsa mnzake woyenda naye munthu wopita kuchigayo ndiye kuti ndamuyesa khanda. Imvani za a Likoswe a ku Thyolo.

A Likoswe anali ndi ng'ombe ziwiri za mkaka. M'mawa uliwonse ankamanga chigubu panjinga n'kutsika nacho kumalo kumene alimi amasonkhanitsa mkaka. Mkaka sudikira munthu. Dzuwa likakwera umasasa, ndipo oyeza amaubweza. Tsono njinga ya a Likoswe inali ndi nthenda zake. Lero tcheni, mkuja tayala. Atabwezedwa kangapo, akomiti a gulu la alimiwo anawauza kuti akadzabweranso ndi mkaka wosasa awachotsa m'gulu.

Akazi awo, mayi Esinta, sanakangane nawo. Njinga ikafika bwino ankaponya njere ya chimanga m'botolo, ikafera panjira ankaponyamo nyemba. Patapita miyezi anakhuthulira zonse m'lichero.

"Bambo a Tiyese, taonani. Pa njere khumi zilizonse, imodzi ndi nyemba."

"Ndiye kuti zisanu ndi zinayi ndimafika. Undiyamikire."

"Akomiti akufuna nyemba imodzi yokha kuti akuchotseni. Koma njinga zikakhala ziwiri, kuti zife tsiku limodzi zonse, mwina kamodzi pa maulendo zana. Mawa ndikutsatani pa yanga."

"Yopanda katundu?"

"Katundu wake ndinuyo."

Anayamba kuyenda awiri, bambo patsogolo, mayi m'mbuyo. Mayiwo sankaponda m'mene mwadutsa amuna awo, ati minga yobaya woyamba ingabayenso wachiwiri. Amuna a pagolosale anapeza nkhani.

"Achimwene, masiku ano mukuyenda ndi alonda? Mukuopa afisi masana?"

A Likoswe ankangoweramira pahandulo. Madzulo ankadandaula kuti asanduka choseketsa mudzi, pamene njinga yawo, ngati yamva, inasiya kudwala.

Tsiku lina, pachikweza cha m'munda wa tiyi, pedulo ya njinga ya a Likoswe inathyoka n'kugwera m'ngalande. Dzuwa linali litayamba kale kutentha. Mayi Esinta anaima, namasula chigubu, nachimanga panjinga yawo.

"Kwerani, inu miyendo ndi yaitali. Wodwalayu ndikankha ine."

Mkaka unafika uli wabwino, oyeza anaulandira. Pobwerera, a Likoswe anaima dala pagolosale, akazi awo akubwera apo ndi njinga yothyoka. Mmodzi wa onyoza aja anatsegula pakamwa, koma iwo anamutsogolera.

"Achimwene, kuyenda awiri si mantha."

Mawuwo anachokera pamenepo. Tanthauzo lake n'lakuti wotenga mnzake sanachite mantha, wangowerenga bwino. Chilichonse chimene chimagwira ntchito chili ndi tsiku lake lofooka, kaya ndi njinga, kaya ndi injini ya chigayo, kaya ndi munthu, ndipo tsikulo silitumiza uthenga. Wachiwiri amaoneka ngati wongodya nawo masiku onse abwino, mpaka litafika limodzi loipalo.

Ndiye nyamulani thumbalo nonse awiri, chigayo chisanatseke.