Kansalu ka Abwana ndi Ulendo wa ku Dar

Mu ofesi ina ya boma ku City Centre munali mtsikana wosunga mafailo, dzina lake Chitemwa Mhango, kwawo ku Rumphi. Anali munthu wabwino, koma ubwino wake unali wotopetsa. Mawu oti "ayi" ankamukanirira pakhosi ngati mbatata yopanda madzi. Ukamubwereka cholembera, ankakupatsa n'kupepesanso kuti inki yatsala pang'ono.

Kwa zaka ziwiri, iye ndi mnzake Fiona, wolandira alendo mu ofesi yomweyo, ankakonza ulendo wa ku Dar es Salaam. Sunali ulendo wa geni ayi. Ankangofuna kukaona nyanja yaikulu ija ndi maso awo, kuviikamo mapazi, kukwera pantoni yowolotsa anthu, ndi kuyendayenda mumzinda ngati azungu a zikwama zakumsana amene amapsa ndi dzuwa ku Old Town. Kogona anapeza kotchipa, kwa mabedi osanjikiza. Tchuthi anachipempha mpaka kutha mawu, ndipo pochotsa masiku a pamsewu, a mu Dar anatsala anayi okha.

Fiona ndiye anaika lamulo. "Chikwama chimodzi aliyense, ndipo pakamwa potseka. Ukangouza munthu mmodzi kuti ukupita ku Taifa, ku Tanzania kuja, Lilongwe yense akutuma."

"Ndamva, asisi. Ine ndingauze ndani?" anatero Chitemwa.

Loweruka lake anapita pa kaunjika ku Old Town n'kupeza chikwama chobiriwira, cholimba, cha zingwe zomanga m'chiuno. Chimwemwe chinamusefukira. Anachijambula, n'kuchiika pa WhatsApp ndi mawu atatu: "Dar, konzeka, ndikubwera." Munthu wamkulumkulu, wophunzira, wochenjezedwa dzanadzana lomweli!

Dzuwa lisanalowe foni inali itayamba kulira. Msuweni wake ankafuna mawigi awiri. Mayi oyandikana nawo nyumba anabwera ndi pepala limene anajambulapo phazi lawo, akuti nsapato za ku Taifa n'zolimba. Mkulu wina wa mpingo anamudikirira pakhomo la tchalitchi ndi chitsulo cha galimoto chokulunga m'nyuzipepala, chikudontha oilo, kuti akamupezere chinzake. Aliyense ankayamba ndi mawu amodzimodzi: "Kakang'ono chabe." Chitemwa ankamwetulira n'kulandira, mtima ukulira.

Koma chimkulirano chinadza Lachisanu. Abwana ake, Mayi Kalonga, anamuitanira kunyumba kwawo ku Area 10, kumene mipanda ndi italiitali ndipo agalu amadya bwino kuposa anthu. Anamukhazika pakhonde, kumupatsa tiyi, kenako n'kutulutsa kansalu ka chitenje kokwana m'chikhatho, kofiirira ndi timaluwa tachikasu.

"Mwanawe, paja Lisa wanga akukwatiwa mwezi wamawa. Azimayi a komiti asankha nsalu iyi, koma mu Lilongwe muno yatha. Undipezere zitenje makumi atatu, zofanana ndendende. Si ntchito ayi. Ukangofika pa msika wa Kariakoo, shopu yoyambirira."

Chitemwa ankadziwa bwino kuti Mayi Kalonga ku Kariakoo sanapondeko. Ankadziwanso kuti ali ndi masiku anayi okha. Mawu anafika mpaka kumapeto kwa lilime, koma atakweza maso n'kuona abwana akumwetulira, anawameza ndi tiyi.

"Palibe vuto, madamu."

Tsiku la ulendo, pamalo okwerera mabasi a ku Tanzania, Fiona anafika ndi kachikwama kake kopepuka. Anapeza mnzake atakhala pakati pa chikwama chobiriwira, zikwama ziwiri za Shangani zopanda kanthu, ndi jumbo yonunkha oilo.

"Chitemwa, izi n'chiyani?"

"Tinthu ting'onoting'ono basi. M'mawa umodzi ndathana nazo."

"Ndinakuuza chiyani ine?"

"Nanga ndikanawakanira bwanji? Ena ndi akuluakulu."

Fiona anangotsonya n'kukwera basi.

Anafika mu Dar mafupa akuwawa, atakhala pampando tsiku lathunthu ndi theka. Kunkatentha ngati m'ng'anjo, koma mphepo inali ndi fungo lachilendo, ndipo mwini nyumba yogona alendo anawauza kuti nyanja ili pafupi, ulendo wa minibasi imodzi. Tsiku loyamba Fiona anavomera kuperekeza mnzake ku msika kuti athane nazo msanga. Kufika ku Kariakoo, anangoti kukamwa yasa. Unali mzinda pawokha: misewu ya nsalu zokhazokha, mashopu osanjikizana mpaka m'mwamba, anthu ngati nyerere. Chitemwa ankalowa shopu ndi shopu atanyamula kansalu kaja. Ogulitsa ankakatembenuza, kupukusa mutu, n'kunena mawu amene Chitemwa anawaphunzira tsiku lomwelo: "Hakuna," kutanthauza kuti palibe. Pofika masana Fiona anati iye sanasunge ndalama zaka ziwiri kuti adzaone mashelefu, ndipo ananyamuka yekha.

Tsiku lachiwiri linapita ndi chitsulo cha mkulu wa mpingo ndi phazi la papepala. Madzulo Fiona anabwera mchenga uli m'zala za kumapazi, nkhope ikuwala, akusimba za ngalawa zazitali kuposa nyumba za ku City Centre ndi za nsomba zootcha za pagombe. Chitemwa ankamvetsera atakweza miyendo yotupa pakhoma.

"Mawa tipitira limodzi. Ndangotsala ndi nsalu yokha," anatero.

Tsiku lachitatu anaipezadi nsalu yofiirira ya maluwa achikasu. Anatsala pang'ono kuvina. Anaijambula n'kutumiza kwa abwana, ndipo yankho silinachedwe: "Maluwa ake akula kwambiri. Yesanso, mwanawe, ndikudalira iwe." Munthu wina akanayankha kuti nsalu ndi yomweyo, ofuna ina abwere okha. Chitemwa analemba kuti, "Chabwino, madamu," n'kupitiriza kuzungulira mpaka mashopu kutsekedwa. Anasiya nambala yake kwa ogulitsa asanu.

Tsiku lomaliza Fiona anamudzutsa m'mamawa. "Lero ndiye lero. Tikukakwera pantoni, tikasambe tsidya linalo. Za nsaluzo zisiye. Akavala yomwe ilipo, ukwati suthera chitenje."

Chitemwa anavomera. Anavala chipewa chake chatsopano, n'kutsika naye mpaka pa siteji. Minibasi itaima, Fiona atalowetsa kale mwendo umodzi, foni inalira. Anali mmodzi wa ogulitsa aja: nsalu yapezeka, koma ili kosungira katundu, kunja kwa mzinda, ndipo abwere pompano wina asanaitenge.

"Thimitsa foniyo," anatero Fiona.

"Yapezekatu, asisi."

"Uli pa tchuthi iwe! Uwauze kuti sunaipeze. Akuchotsa ntchito chifukwa cha chitenje?"

"Sangandichotse. Koma Lolemba ndikawayang'ana ndi nkhope yanji?"

"Ndi yomweyi uli nayoyi. Kwera!"

"Tsogola. Ola limodzi lokha, ndikupeza."

Kondakitala anamenya chitseko, minibasi n'kupita ndi Fiona. Ola limodzi la mu Dar, magalimoto atathinana, si ola la ku Area 10. Chitemwa anafika kosungira katundu kuja masana, anadikira mwini makiyi amene anali atapita kukapemphera, ndipo pobwerera anakhala maola atatu pamsewu atapanikizika pansi pa mtolo wa zitenje. Anafika kogona kuja dzuwa litalowa. Nsalu inali yomweyo ndendende, timaluwa take tating'ono bwino. Basi yobwerera kumudzi inkanyamuka m'bandakucha.

Pachipata cha Songwe, apaulendo anzake ankamutchula kuti "mayi a geni", poona mmene ankalimbanirana ndi zikwama zake za Shangani. Fiona anamuthandiza kunyamula, koma sanalankhule zambiri. Atadutsa Kasungu ndi pamene anati, "Chaka chamawa ndikupita ku Beira. Sindikuuza tsiku."

Mawu amenewo anamulasa Chitemwa kuposa kutopa konse.

Ku Lilongwe zikomo wake anali wosowa. Msuweni anati mawigi ndi aafupi. Nsapato zinathina, ndipo mayi aja anati mwina pepala linakwinyika m'njira. Mkulu wa mpingo anachitembenuza chitsulo chija n'kunena kuti chikuoneka ngati chabodza. Chitemwa anapepesa kwa onse, mmodzimmodzi.

Lamlungu masana anakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Area 10, mtolo wa zitenje uli pamiyendo. Pageti anamulandira a Nasoni, mlonda wachikulire wa kwa Nathenje. Anati madamu ali ndi alendo, motero anatenga okha mtolowo n'kulowa nawo, iye n'kutsala panja padzuwa. Patapita nthawi anabwerera akukanda m'mutu.

"Akuti zikomo kwambiri, mwagwira ntchito. Koma akuti komiti inasintha maganizo Lachitatu, anagula nsalu ina ya buluu ku Area 2 konkuno. Akuti anaiwala kukuuzani."

Chitemwa anagwira chitsulo cha geti. Lachitatu linali tsiku lomwe analandira uthenga wa maluwa akulu uja. Anafuna kulira, anafuna kukuwa, koma chimene chinatuluka m'kamwa mwake ndi chomwe chija cha masiku onse.

"Palibe vuto."

A Nasoni anamumvera chisoni, ndipo pofuna kumusangalatsa anasintha nkhani. "Koma inu ndiye mwayenda, achemwali. Ife tinangomva kusukulu. Tandiuzeni zoona, poti mwakaona ndi maso: madzi a m'nyanja imeneyo ndi amcheredi? Munawalawa?"

Chitemwa anayang'ana mkuluyo, amene ankadikira yankho ndi chidwi chonse. Kunama kunamukanika.

"Sindikudziwa, bambo. Sindinafikeko."

"Simunafike ku Dar?"

"Ku Dar ndinafika. Kunyanja ndiye ayi."

A Nasoni anatseka geti pang'onopang'ono. Chitemwa anatsetsereka wapansi m'mbali mwa mipanda ija kukasaka minibasi, misozi ikutsika osaipukuta. Palibe anamulanda ulendo wake. Anaupereka yekha, chidutswachidutswa, kwa aliyense amene anachita naye manyazi. Akuluakulu sananame pamene anati manyazi anapha lambe.