Mbale Imene Inawoloka Malire

Mwana wanga wamkazi anandifunsa tsiku lina akuvula nsapato za kusukulu: "Amayi, umodzi wa anthu akuda umene aphunzitsi amanenawu, inu munauonapo ndi maso?" Ndinamuyankha ndi fanizo ili.

Panali mayi wina amene ankakhala m'mphepete mwa msewu wa m'malire. Tsidya linalo kunabuka nkhondo. Tsiku lina pakhomo pake panafika mlendo, mwana ali kumsana, mapazi atang'ambika. Chilankhulo chake chinkamveka mwa apo ndi apo, koma njala yake inamveka yonse.

M'nyumbamo ufa unali utatha. Munali nyemba za mbewu zokha, zosungidwa m'phulusa kudikira mvula. Mayiyo anatapa theka la nyembazo, nathira m'mbale yachitsulo ya maluwa ofiira imene analowa nayo m'banja, napereka.

Mwamuna wake anadandaula kuti mbewu sadyetsa mlendo. Anzake pachitsime anamuseka: "Amwali, mbale yaukwati n'kupatsa wongodutsa? Muzikaiona kutulo." Iye anangoti mbale imadziwa kwawo.

Paja kwathu kuno mbale ikapita ndi chakudya sibwerera yopanda kanthu. Mlendoyo mwambowu ankaudziwa, poti kwawonso n'chimodzimodzi. Ndiye anaisunga, kudikira tsiku loti apeze choikamo. Tsikulo lisanafike anamusamutsira kumsasa wa othawa nkhondo, ndipo mfuti zitaleka kulira anabwerera kwawo, mbale ili mumtolo. Pachitsime mlandu anagamula okha: waba.

Zaka zinapita, mayi uja n'kukalamba. Chaka china madzi osefukira anakokolola munda ndi nkhokwe yomwe. Chinyezi chinalipo, chobzala panalibe. Akanapanda kubzala mwezi umenewo, iye ndi adzukulu ake akanagona ndi njala mpaka chaka chinacho.

M'mawa wina kunamveka odi. Anali mayi wachitsikana wochokera tsidya lija, amene anayenda akufunsa khomo ndi khomo. Anagwada, nafotokoza kuti ndiye mwana anali kumsana uja, ndipo amayi ake anamutuma asanamwalire. Anamasula chitenje. Munali mbale ija, maluwa atasupuka, itadzaza nyemba za mbewu, phulusa lidakali pamwamba. Thumba la nyemba zina analisiya pakhonde.

"Agogo, amayi anati mutikhululukire, yachedwa."

Gogoyo analandira mbaleyo. Anakhuthulira nyembazo m'lichero, natsitsa chikwatu cha mfutso chimene chinapulumuka kudenga, natapako, nathira m'mbale muja. Kenaka anaiika m'manja mwa mlendoyo kuti abwerere nayo.

Mwanawe, umodzi umenewo suyambira m'misonkhano. Ena a ife anatengedwa kuwoloka nyanja zamchere, ena tinagawidwa ndi mzere umene sitinajambule ndife. Komabe mbale yakhala ikuyenda: uyu pogona, uyu nyimbo, uyu mawu pamene mnzake anatsekedwa pakamwa. Ikadzafika m'manja mwako, usadzafunse kuti mwini wake ndani. Udzaikemo kanthu.