Mayi amene anatchinga soketi

Inu amene mumati makompyuta ndi ntchito ya anyamata a jinzi yothina, khalani pansi. Mundimve kaye mpaka ndimalize, kenaka mutsutse ngati malovu adzakhale akadalipo.

Panali mayi wina amene ankasamala makina pa wailesi ina ya kumudzi. M'kachipinda kake munali kompyuta yaikulu yotchedwa seva, ndipo m'mimba mwa sevayo munkakhala kompyuta ina yosagwirika ndi manja. Imeneyo ndiyo inkasunga nyimbo, malonda, ndi mawu a madoda amene anagwirako ntchito m'migodi ya ku Joni. Wailesi inawajambula chilimwe chonse. Awiri mwa iwo anali atatsikira kale kulichete.

Makinawa ali ndi khalidwe lawo. Akamakopera zinthu zoti zikasungidwe padera, amayamba atseka nyumba, zobwera kumene n'kumaziunjika pakhonde. Khondelo amalitcha sinapushoti. Kukopera kukatha chitseko chimatseguka, katundu n'kulowa. Koma tsiku lina magetsi anathima kukopera kuli pakati. Chitseko chinakhala chitsekere, makina osanena kanthu. Katundu anaunjikana pakhonde mpaka malo anatha, ndipo m'mawa wina nyimbo inadukira pakati.

Bwana wa wailesi analowa thukuta lili kamukamu. Ataona fayilo ya sinapushoti itatupa anati, "Chinyalala ichi. Fufutani, Mayi."

"Chinyalalacho ndi madoda anu a ku Joni, bwana. Onse ali pakhondepo."

Mayiyo anasamutsa zina kuti malo apezeke, n'kulamula makina kuti alowetse katundu m'nyumba. Kamzere koonetsa ntchito kanayenda, kanayenda, kutatsala pang'ono kuti kafike kumapeto kanaima nji.

Tsono anthu a pa wailesi saopa njoka ngati mmene amaopera chete. Dzuwa linafika paliwombo kamzere kali pomwepo. Mafoni akulira. Wogulitsa feteleza akufuna malonda ake amveke. Bwana anabweranso.

"Zafa izi. Zimitsani, muyatsenso."

"Sizinafe. Taonani kagetsiko kakuphethira. Zikusenza katundu."

"Kodi Mayi, wolamula pano ndani?"

"Ndinu, bwana. Koma soketi iyi muifika mutandinyamula, ndipo thupi langali mukuliona."

Mayiyo anakoka mpando n'kukhala kutsogolo kwa soketi ya magetsi a seva, manja atapinda. Ankadziwa kuti kudula makina katundu ali pamutu ndiko kuswa zonse, zam'nyumba ndi zapakhonde zomwe. Mantha analimo mumtima, poti kamzere koima sikalonjeza munthu kanthu. Koma sanasunthe.

"Nanga anthu amve chiyani?" anakalipa bwana.

"Aulutsi anu alibe pakamwa? Alankhule. Akatopa ayimbe."

Anayimbadi. Tsiku limenelo dera lonse linamva muulutsi wa zamasewero akukoka nyimbo za kwaya, mawu ngati chitseko cha dzimbiri. Bwana anati kalata yochotsa ntchito ikulembedwa. Mayiyo anati ailembe bwino, asalakwitse dzina.

Chakumadzulo kamzere kanadumpha kokha n'kufika kumapeto. Mayiyo anatsegula mawu oyamba amene anawapeza. M'chipindamo munamveka mdala amene anaikidwa mwezi wathawo, akuseka, akusimba mmene anatsikira mumgodi koyamba. Bwana anavula chipewa, natuluka mwakachetechete.

Tsono inu mumve. Si chilichonse chokhala duu chimene chafa. Chinthu chikatupa, funsani kaye kuti muli chiyani musanachitaye. Chikaima, yang'anani ngati chikupuma. Ndipo mukadziwa chimene mukudziwa, kokani mpando mukhale, ngakhale wokuopsezaniyo akhale amene anakulembani ntchito.

Mayiyo ndine, Esinta Kachingwe, ndipo sindinong'ona ponena. Kalata ija mpaka lero sinandipeze. Chimene chinandipeza ndi batire lalikulu loti seva isamathime ndi magetsi, limene ndinapempha mpaka kusasa mawu, ndi tambala wofiira amene mkazi wa malemu mdala uja anabwera naye yekha pakabaza. Batire lili kuntchito. Tambalayo ndinadya ndekha, ndi chiwindi chomwe.