Malungo a Leston

Leston ankagulitsa nyama mumsika wa Kawale. Ng'ombe ankakagula yekha kumudzi, kupha ndi kusenda yekha, ndipo eni makola akamupatsa mkaka wongokama kumene ankangopapira wosawiritsa. Chaka cha 1996 anayamba kudwala malungo ozemba ngati mbala: lero thupi moto, mawa ali bwino, mkuja thukuta kamukamu. Mkazi wake Felesita, mayi wa mwana wawo Mwayiwathu, ankangomugulira Fansida pagolosale.

Kuseri kwa mpanda wawo kunkakhala Tusekele, namwino wa ku Karonga. Iyeyu anali chibwenzi cha Leston asanakwatire, ndipo Felesita akangomva mawu ake mtima unkachita ngati wathiridwa tsabola.

Tsiku lina Tusekele anaona Leston akuyenda dzandidzandi, khosi lili gwa. Anapita kwa Felesita pampopi.

“Amayi a Mwayiwathu, abambowa si malungo ayi. Ntchito yawo ija ya magazi a ng'ombe ikundiopsa. Pitani nawo kuchipatala chachikulu, mukawauze madokotala zimene amagwira.”

“Mwawayang'anitsitsatu amuna anga, eti?” anatero Felesita, akutsuka ndowa yoyera kale. “Mukufuna akagone kuwodi kwanu kuti muzikawasisita? Pezani wanu, anesi.”

Madzulo ake Leston ananena mofooka kuti mwina ayesedi kuchipatalako. Felesita anaphulika: “Ndiye mwapangana!” Bamboyo anaisiya pomwepo nkhaniyo.

Miyezi iwiri inadutsa. Mutu unkamuwawa ngati ukung'ambika, miyendo inachita dzanzi, kenaka anayamba kumangoti “Wati chiyani?” mwana wake akamulankhula. Felesita anauza anzake kuti mayi wa kuseriyo walodza mwamuna wake chifukwa chomulephera. Koma mmawa wina Leston anagwa pakhomo, kunjenjemera thupi lonse, thovu kukamwa. Amene anathamanga wopanda nsapato, kumugoneka chammbali ndi kuimitsa galimoto, anali Tusekele yemweyo.

Kuchipatala anamutunga madzi a pamsana ndi kumutenga magazi. Dokotala atamva za ntchito yake ndi mkaka uja anagwedeza mutu.

“Awa ndi matenda a ziweto otchedwa bulusela. Tizilombo take tafika ku ubongo. Amwa mankhwala amitundu itatu kwa miyezi ingapo osadumphitsa. Miyendo ibwerera, koma mitsempha ya m'makutu yafa. Munali kuti nthawi yonseyi, mayi?”



Leston anachira, nabwerera kumsika, koma makasitomala amachita kumulozera nyama ndi chala. Tsiku lomwe anatuluka m'chipatala, Felesita anagwada pambali pake nalira, kupepesa ndi mawu onse amene anali nawo. Mwamunayo anangoyang'ana milomo ikugwedera, namwetulira, osamva ngakhale limodzi.

Mayi amene Felesita ankamuyesa mbala ya banja lake ndi amene anabwera ndi chenjezo nthawi ikadalipo. Paja akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.